KUSAMALA POGULA ZIPANGIZO ZAKALE ZOMANGIRA NYUMBA

Nyengo yokolola ikatha, mabanja ambiri amene agulitsa mbewu zawo amaganiza zokonza nyumba, chimbudzi kapena khola. Popeza zipangizo zatsopano nzokwera mtengo, ena amapita kwa ogulitsa katundu wochokera m'nyumba zogumulidwa, monga malata, zitseko, mafelemu, matabwa ndi migolo. Amisiri okhoma mbaula ndi ndowa nawonso amapeza zitsulo zawo komweko. Khalidwe limeneli ndi labwino chifukwa limapulumutsa ndalama ndi mitengo ya m'nkhalango. Komabe akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wogula asanatulutse ndalama ayenera kudziwa ntchito imene chinthucho chinkagwira poyamba.

Choyamba ndi migolo ndi zigubu. Chotengera chimene munali mankhwala ophera tizilombo ta m'munda, mankhwala a dibi kapena mafuta a galimoto sichiyenera kusungira madzi akumwa, ufa ngakhale thobwa. Poizoni amamatirira m'kati mwake, ndipo kutsuka ndi sopo sikumuchotsa yense. Mgolo umene wogulitsa sakudziwa bwino chimene munali usalowe m'khitchini.

Chachiwiri ndi malata a asibesitosi. Malata amenewa ndi otuwa, okhuthala, olemera ndipo amaoneka ngati simenti. Akamadulidwa, kubooledwa kapena kusweka, amatulutsa fumbi losaoneka ndi maso limene limakhazikika m'mapapo. Fumbili limayambitsa chifuwa chosachiritsika ndi khansa, koma matendawo angathe kuonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Nchifukwa chake dziko la South Africa linaletseratu asibesitosi m'chaka cha 2008. Malata otere asagulidwe, ngakhale atatsika mtengo chotani.

Chachitatu ndi penti wa pa zitseko ndi mazenera akale. Penti wina amakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana. Mwana wokwawa amagwira fumbi ndi tizidutswa ta penti woyoyoka, kenaka naika zala m'kamwa. Thupi lake limayamwa mtovu kuposa la munthu wamkulu, ndipo mwanayo angathe kuchepa magazi ndi kuvutika pa maphunziro popanda makolo kuzindikira gwero lake. Chitseko chimene penti wake akuyoyoka chisiyidwe. Ngati penti ali wogwira bwino, asapalidwe kapena kuwaulidwa pamoto, koma apakidwe wina watsopano pamwamba pake.

Chachinayi ndi matabwa ndi mapolo. Amene ali obiriwira pang'ono, kapena akuda ndi onunkha phula, anaviikidwa m'mankhwala oletsa chiswe. Amenewa ndi oyenera mpanda ndi nsanamira, koma zotsala zake zisasanduke nkhuni, pakuti utsi ndi phulusa lake ndi poizoni. M'ming'alu ya mabedi ndi mafelemu akale mumabisalanso nsikidzi, zimene zimatha kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi. Katundu wotere athiridwe madzi owira m'ming'alu monse ndi kuyanikidwa padzuwa asanalowe m'nyumba.

Chomaliza ndi misomali ndi m'mphepete mwa malata. Ambiri amakhulupirira kuti dzimbiri ndilo limabweretsa kafumbata, koma tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timalowa m'thupi kudzera pa bala. Zizindikiro, monga kuuma kwa nsagwada, zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21. Choncho misomali izulidwe tsiku lomwelo katundu wafika, ndipo malata asanjidwe kutali ndi kumene ana amasewera. Wobayidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi aukhondo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone ngati afunika katemera.

Njerwa zakale zolimba, malata achitsulo osabooka ndi matabwa ouma bwino zingathe kutumikira banja zaka zambiri. Amene akukayika za katundu amene wagula afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake asanayambe kumanga.