Akabwera a kafukufuku wa mitengo: zoti tidziwe tisanapereke munda

Alimi anzanga, sabata yatha tikuweruka pamunda wathu wophunzirira, mayi wina anandifunsa funso lomwe sindinaliyankhe mokwanira. Anati: "Alangizi, anyamata aja anabwera ndi matepi n'kumayeza mitengo yathu, natifunsa mafunso mpaka dzuwa kupendeka, anapeza chiyani? Nanga bwanji sanabwerenso?" Pepala lino ndi yankho langa. Alendo otere abweranso, ndipo ena adzapempha kachigawo ka munda wanu kuti ayeserepo mitengo. Kuno kumapiri minda ndi yochepa. Kupereka mizere khumi kwa zaka zitatu, pamene pakanakhala kachewere kapena nyemba, si nkhani yamasewera.

Kodi amachokera kuti?

Ena ndi aneba athu. Ku Chongoni kuli sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife, komwe amaphunzitsa alangizi a zankhalango, ndipo ophunzira ake amaphunzirira ntchito m'nkhalango za paini za ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza. Ena amachokera ku yunivesite ya LUANAR ku Bunda, kapena ku Mzuzu University. Konseku kuli maphunziro a digiri ya zankhalango. Palinso a FRIM a ku Zomba, nthambi ya boma yofufuza za mitengo, omwenso amasunga ndi kugulitsa mbewu ya mitengo yoyesedwa. Nthawi zina onsewa amagwirizana ndi mayunivesite akunja kapena bungwe la ICRAF, lomwe limafufuza zolima mitengo pamodzi ndi mbewu.

Wophunzira amene mukumuona m'munda mwanu sadzilamulira yekha. Ali ndi mphunzitsi womuyang'anira. Asananyamuke amalemba funso lomwe akufuna kuyankha, njira yoyezera, ndi ndalama zomwe zifunike, ndipo aphunzitsi amavomereza kapena kumubweza. Ngati afunsa anthu mafunso, pamafunikanso chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufukuyo sapweteka kapena kunamiza anthu. Ngati alowa m'nkhalango ya boma, amayenera kukhala ndi chilolezo cha nthambi ya zankhalango, malinga ndi lamulo la zankhalango la 1997. Choncho munthu wa kafukufuku weniweni amakhala ndi kalata, amadzera ku ofesi ya zankhalango kapena ya zaulimi, ndipo amayamba waonekera kwa amfumu. Kumufunsa kalata si mwano ayi.

Mtengo suthamanga, koma wophunzira akuthamanga

Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Wophunzira wa digiri yoyamba amachita kafukufuku wake m'chaka chomaliza, miyezi yowerengeka chabe. Wa digiri yachiwiri ali ndi zaka pafupifupi ziwiri. Ndalama zoyendetsera ntchitoyi, kaya zachokera ku boma kaya kwa othandiza akunja, zimabwera ndi tsiku lothera. Zikatha, galimoto imaleka kubwera ngakhale mitengo ikadali m'mawondo. Koma paini wa matabwa amafuna zaka zoposa 20. Msangu, womwe anzathu a ku Golomoti ndi ku Mtakataka amaudziwa bwino, umatenga zaka zambiri chimanga chisanayambe kusangalala pansi pake.

Taonani chitsanzo cha gilisidiya. Ku Makoka, kufupi ndi Zomba, a ICRAF pamodzi ndi akatswiri a boma anabzala gilisidiya pakati pa chimanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kumadula masamba ake ndi kuwakwirira m'mizere. Zaka ziwiri zoyambirira panalibe chosangalatsa. Kuyambira chaka chachitatu chimanga chinayamba kusintha, ndipo atawerengera zaka zambiri anapeza kuti munda wa gilisidiya unkabereka pafupifupi katatu kuposa munda wopanda gilisidiya ndi feteleza womwe. Akanasiya pa chaka chachiwiri, akanalemba kuti gilisidiya alibe ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu musathamangire kudzaza gilisidiya munda wonse chifukwa cha nkhani ya ku Makoka. Makoka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri lathu imapitirira 2,000. Gilisidiya sakonda chisanu. Mtengo womwe wachita bwino ku Zomba ukhoza kupinimbira ku Bembeke mu Juni ndi Julaye. N'chifukwa chake a kafukufuku amafuna minda yathu yeniyeni. Yankho la kuno silingapezeke kwina, ndipo amene angasunge mundawo wophunzira atapita ndi ife tomwe.

Chifukwa chiyani amasiya chigawo china chikuvutika?

Mukaona munda wa kafukufuku mudzapeza tizigawo tambiri tokhala ndi zikwangwani. Tina tili ndi mitengo, tina feteleza, tina zonse ziwiri, ndipo china chilibe kalikonse. Chopanda kalikonsecho ndiye muyeso. Popanda icho sitingadziwe ngati chimanga chakula chifukwa cha mtengo kapena chifukwa mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Njira iliyonse amaibwereza katatu kapena kanayi m'malo osiyana, ndipo malowo amasankha mwa mayere. Amatero chifukwa munda umodzi womwewo uli ndi pachulu, pakhola lakale, ndi potsetsereka pomwe nthaka inakokoloka. Mtengo ukagwera pachulu pokha, ungaoneke ngati wamphamvu pamene mphamvuyo ndi ya chulu.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira chaka choyamba ndili pantchito, kudera lina. Tinali ndi munda woyesera ombwe m'mphepete mwa msewu. Chigawo chopanda kanthu chija chinachita chikasu, ndipo anthu odutsa anayamba kuseka mwini munda kuti ndi waulesi. Bambowo manyazi anawagwira. Usiku wina anatenga manyowa a m'khola n'kuthira pachigawocho, osauza munthu. Pokolola, zigawo zonse zinafanana, ndipo wophunzira amene ankayeza analemba kuti ombwe sanasinthe kanthu. Tinadziwa zoona patapita miyezi, bambowo akufotokoza okha pamaliro. Sindiwaimba mlandu. Wolakwa ndinali ine ndi wophunzirayo, chifukwa sitinawafotokozere ntchito ya chigawo chonyansacho, komanso sitinakambirane kuti chimanga chomwe ataye pamenepo abwezeredwa bwanji.

Choncho ngati mwathira kanthu, mwapalira mochedwa, mbuzi zalowa, kapena ana azula chikwangwani, nenani ndipo lembani tsiku lake. Mbuzi zikadya mbande, zimenezonso ndi zotsatira za kafukufuku. Mtengo womwe sungapulumuke kwa mbuzi m'chilimwe, nthawi yomwe ziweto zimatayiriridwa, si mtengo wotithandiza kuno, ndipo a ku yunivesite ayenera kudziwa zimenezo. Mbande ikafa musabzalepo ina mwakachetechete kuti alendo akondwere. Ikafunika kupakiza, muyambe mwawerenga zakufazo.

Nanga phindu lake lilipo?

Lilipo, ngakhale limafika mochedwa. Ambiri a inu mumasinja masamba a ombwe, ena amati mthuthu, pothana ndi anankafumbwe mu nyemba kapena nsabwe pa ndiwo zamasamba. Ena mumati amagwira ntchito, ena mumati ndi bodza. Nonse munkanena zoona. Mu 2012 akatswiri a ku University of Greenwich ndi ku Kew ku England, pamodzi ndi anzawo a kuno ku Malawi, anafalitsa zomwe anapeza atayeza masamba a ombwe otengedwa m'madera osiyanasiyana m'dziko muno. Anapeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yovuta kusiyanitsa ndi maso. Wina ali ndi mankhwala opha tizilombo, wina alibe, ndipo pafupifupi chitsamba chimodzi pa zinayi zomwe anayeza chinali chopanda mankhwalawo. Phunziro lake kwa ife n'losavuta: mbewu ya ombwe wophera tizilombo tizitenga pa chitsamba chomwe tachiyesa kale n'kuona kuti chimapha. Mukumbukirenso kuti ombwe amapha nsomba, ndiye zotsukira zake zisapite kumtsinje.

Akuluakulu ena akukumbukira momwe mitengo ya saipulesi inaumira ngati yawauka ndi moto. Nsabwe zoumitsa mitengoyi zinaoneka koyamba mu Africa kuno ku Malawi mu 1986, ndipo zinagwiranso mkungudza wa ku Mulanje. Kupopera nkhalango yonse sikukanatheka. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa kamavu kakang'ono kuchokera ku Ulaya komwe kamaikira mazira m'thupi mwa nsabwezo. Lero bulugamu nayenso ali ndi tizilombo take tatsopano totupitsa timitsitsi ta masamba ndi nsonga. Mukaona zotere pa mitengo yanu kapena ku nazale, thyolani kanthambi, muike m'pepala, mundipatse. Kafukufuku wambiri amayamba ndi mlimi amene waona chachilendo.

Tisanavomere, tikambirane izi

Munthu asakuumirizeni. Muli ndi ufulu wokana, ndipo kukana sikungakuchotseni m'sukulu yathu kapena pa mndandanda wa thandizo lililonse. Mukafuna kuvomera, tiyeni tikhale pansi ndi amfumu, a komiti yoona zachilengedwe m'mudzi, ndi ine, ndipo zomwe tagwirizana zilembedwe m'Chichewa, pepala lina litsale kwa inu.

Choyamba mufunse kuti mundawo aufuna kwa nyengo zingati komanso kukula kwake, ndipo papepalapo palembedwe poyera kuti malowo ndi anu ndipo akhalabe anu. Kuno malo ambiri amayendera kuchikazi. Bambo amene ali pachikamwini asavomere yekha kubzala mitengo ya zaka 20 osafunsa mayi ndi mwini mbumba, chifukwa mawa pamadzabuka mlandu. Mufunsenso za zokolola: akayeza pa sikelo, chimanga ndi cha yani? Mitengo, nkhuni ndi mbewu yake zidzakhala za yani kafukufuku akatha? Chigawo chopanda kanthu chija chikabereka pang'ono, adzakubwezerani chiyani? Ntchito yopalira, yolambula njira yotchinga moto wolusa, ndi yomanga mpanda agwira ndani, ndipo ngati pali malipiro ndi angati? Mufunsenso dzina la mphunzitsi woyang'anira ndi nthambi yake. Wophunzira amamaliza sukulu n'kupita kukafuna ntchito, koma nthambi imatsala, ndipo ndi komwe tingakagogode.

Za alawansi ndinene mosabisa. Ophunzira ambiri amabwera ndi ndalama zochepa kwambiri, ena amachita kudzilipirira minibasi. Si onse obwera ndi kope amene ali ndi thumba la bungwe kumbuyo. Tikamayamba ndi kufunsa ya fanta tisanamve n'komwe nkhani, amapita kumudzi wina, ndipo mayankho amakapezeka a nthaka ya kumeneko. Koma naonso asatitenge ngati antchito aulere. Tsiku lonse la mlimi mu Disembala lili ndi mtengo wake.

Pa mafunso aja, yankhani zoona. Ndaonapo anthu akuchepetsa chiwerengero cha mbuzi poganiza kuti kukubwera thandizo, ena akunena kuti mbande zonse zinaphuka pamene theka linafa. Zimenezi zikalembedwa zimakafika kwa okonza mapulogalamu. Boma linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timabzala mitengo yambirimbiri. Tikamanena kuti zonse zikuyenda bwino, adzatibweretsera mtundu womwewo wa mbande, pa nthawi yolakwika yomweyo. Funso lomwe simukufuna kuyankha, monga la makala kapena la ndalama za pakhomo, mungathe kungonena kuti mulidumphe. Kudumpha n'kwabwino kuposa kunama.

Tsopano funso la mayi aja, loti bwanji sanabwerenso. Nthawi zambiri zotsatira zimalembedwa m'Chingerezi m'buku lomwe limakakhala mu laibulale ya yunivesite, ndipo ndalama ya ulendo wodzatiuza siyinaikidwe mu bajeti. Kwa ine ichi ndiye chilema chachikulu pa kayendetsedwe ka kafukufuku m'dziko muno, ndipo chimatha pokhapokha tikachikambirana poyamba pomwe. M'mgwirizano muja mulembetse kuti adzabwera kudzafotokoza zomwe apeza pamsonkhano wa m'mudzi, kapena adzatumiza tsamba limodzi la Chichewa kudzera ku ofesi yathu ya zaulimi. Zotheka zimenezi. Ku Linthipe ndi ku Golomoti, kuyambira mu 2012, a LUANAR ndi a Michigan State University anagwira ntchito ndi alimi pa njira yotchedwa mayi ndi mwana: munda umodzi waukulu wokhala ndi njira zonse, kenaka mlimi aliyense n'kusankha ziwiri kapena zitatu kukayesa kwake. Kumeneko zinali za chimanga, nandolo, mtedza ndi soya, koma njirayo ikhoza kugwiranso pa mitengo, ndipo mlimi amaona yekha zotsatira osadikira buku.

Ifenso tiyambe kusunga mabuku athu

Sitikusowa digiri kuti tiyeze mtengo. Mlembi wa gulu akhale ndi kope la mitengo lokha. Pa mtundu uliwonse tilembe tsiku lobzala, komwe mbewu inachokera, ndi chiwerengero cha mbande. Tiziwerenga zamoyo katatu: pakatha mwezi umodzi, mvula ikatha mu Epulo, ndi mu Novembala mvula isanagwe, chifukwa chiwerengero cha mu Novembala ndicho chimanena zoona pa za chisanu, chiswe, moto ndi mbuzi. Msinkhu tiziyeza ndi ndodo yolembedwa masentimita. Mtengo ukakula, kunenepa kwake amayezera pa mita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu, ndipo pamalopo timapakapo penti kuti chaka chamawa tidzayeze pomwepo. Wophunzira akadzabwera n'kupeza kope la zaka zitatu, adzayambira pomwe ife tafika, ndipo funso lofufuza tidzamupatsa ndife.

Pa phunziro la sabata yamawa gulu lililonse libwere ndi funso limodzi la mitengo lomwe likukusowetsani mtendere, kaya ndi masuku omwe akutha m'phiri, kaya ndi bulugamu woumitsa dimba, kaya ndi mtengo wa chonde wopirira chisanu. Mubwerenso ndi ndodo yowongoka ya mamita awiri. Tepi ndi penti ndibweretsa ine, ndipo tikayambira pa mbande zomwe tinabzala kumtunda kwa munda wathu wophunzirira.