Manja Amene Amakhalitsa Vinyo Woyera

Vinyo woyera wambiri wa m'masitolo amayenera kumwedwa pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu, apo ayi amazilala n'kuyamba kuderako mtundu. Alipo wina wochepa, monga Riesling wa ku Mosel ku Germany, Chardonnay wa ku Burgundy ku France ndi Chenin Blanc wa ku Loire ku France komweko kapena wa ku Western Cape ku South Africa, amene amatha zaka 20 m'botolo akukomerakomera: fungo la zipatso zaziwisi limatha, n'kubwera la uchi ndi mtedza wokazinga. Ulemu wa vinyo wotere umapita kwa mwini munda ndi katswiri wofulula. Koma mphamvu yokhalitsayo, mbali yaikulu, imachokera kwa anthu amene dzina lawo silioneka pabotolo: osadza mipesa, othyola mphesa ndi osamala migolo.

Vinyo wofiira amafululidwa pamodzi ndi makoko, ndipo ukali wochokera m'makokomo ndiwo umamuteteza. Woyera amafinyidwa, makoko n'kutayidwa, kotero chomusunga ndi kuwawasa kwa chipatsocho, nthawi zina shuga, ndiponso kumutchinjiriza ku mpweya. Vuto n'lakuti mphesa ikamapsa kuwawasa kumatsika, ndipo kukatentha kumatsika mofulumira. Ku Stellenbosch ndi ku Swartland, m'chigawo cha Western Cape, kumene kukolola kumayamba mu Januwale mpaka Malichi dzuwa likuswa mtengo, othyola amalowa m'munda kusanache. Amadula phava lililonse ndi kampeni kapena sizasi, kusiya lowola ndi lopserera, n'kuika m'makireti ang'onoang'ono kuti za pansi zisaphwanyike. Mphesa ikaphulika m'kireti, madzi ake amakumana ndi mpweya asanafike kofinyira, ndipo zimene zaonongeka pamenepo palibe katswiri angazibweze. Diso la wothyola n'lofanana ndi la wosankha magiredi a fodya: limadziwa msanga chimene mlendo angachiyang'ane tsiku lonse osachiona.

Ntchito imayamba kale m'nyengo yozizira, cha mu Julaye ndi Ogasiti, posadza. South Africa ili ndi Chenin Blanc wambiri kuposa dziko lina lililonse, ndipo wokoma kwambiri amachokera ku mipesa yakale yosathiriridwa, yobala pang'ono. Bungwe la Old Vine Project, limene anayambitsa Rosa Kruger, limapereka chizindikiro kwa minda ya zaka 35 kapena kuposa. Mpesa sufika msinkhu umenewo mwangozi. Kudula pamalo polakwika kumatsegulira matenda khomo lolowera m'thunthu, ndipo mtengo umafa pang'onopang'ono. Ku Château d'Yquem, ku Sauternes m'dziko la France, luso la manja limaonekera pokolola: nkhani yake ndi ya chuku chimene chimafwetsa mphesa n'kuunjika shuga. Chukucho sichigwira munda wonse nthawi imodzi, choncho othyola amabwerera m'mizere yomweyo kangapo, kutola zokhazo zimene zafika. Mu 2012 zokolola sizinakhutiritse, ndipo Yquem sanatulutse vinyo wa dzina lakelo chaka chimenecho.

Ena amati chinsinsi ndi dothi ndi nyengo, munthu amangothandizira. Dothi lili ndi mbali yake, inde. Koma vinyo woyera wambiri wa ku Burgundy, kuyambira zokolola za m'ma 1995 ndi 1996, anayamba kukalamba msanga m'mabotolo, pomwe minda yake inali yomwe ija yotchuka kwa zaka mazana. Akatswiri anaika maganizo pa zotsekera mabotolo, kuchepa kwa salufa ndi kafinyidwe, zonse zochita za anthu. M'nyumba yosungiramo, mgolo wa malita 225 umaphwera pang'onopang'ono, ndipo wantchito akapanda kuudzaza nthawi yake mpweya umalowa. Ena amati makina okololera abwera, manja atha ntchito. Pa vinyo wotchipa n'zoona. Koma makina amagwedeza mpesa n'kugwetsa zonse, zabwino ndi zowola zomwe, ndipo pa mipesa yakale yopanda mawaya kapena pa mapiri otsetsereka kwambiri a ku Mosel, munthu ndiye amadalirikabe.

Chodabwitsa n'chakuti luso limeneli limalipidwa ngati ganyu wamba. Ku Cape, kumene vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659, minda inakula ndi thukuta la akapolo, kenaka ndi mchitidwe wa dop, wolipira antchito mbali ina ndi vinyo, umene unaletsedwa mu 1960 koma unapitirira mobisa kwa zaka zambiri. Sitalaka imene inayambira ku De Doorns mu 2012 inapeza malipiro otsikitsitsa ali R69 pa tsiku; antchito ankafuna R150, boma linaika R105 mu 2013. Eni minda amayankha kuti phindu n'lochepa ndipo ofuna ntchito ndi ambiri, kuphatikizapo obwera kuchokera ku Lesotho, Zimbabwe ndi Malawi. Kuchepa kwa phindu si bodza kwa mlimi wogulitsa mphesa pa tani. Koma sikufotokoza chifukwa chimene wosadza wodziwa mpesa uliwonse wa munda wakale amalandira pafupifupi chimodzimodzi ndi amene wabwera dzulo. Anthu akuda amene akwera, monga Ntsiki Biyela wa Aslina Wines ndi Tinashe Nyamudoka wa Kumusha Wines, anadzera kuyunivesite ndi m'malesitilanti. Njira yochokera m'mizere ya mipesa kukafika pa udindo wofulula ikadali yopapatiza kwambiri.