NJOVU YOPEPUKA: KODI MWANA WA MKHRISTU ANGAKHALE WOSEMA?

Aliyense wa ife amene anakulira m'midzi ya kwa Njewa, kapena cha ku Mpingu, ku Nsaru ndi kwa Kabudula, akumbukira ng'ombe zadothi. Nthawi ya dzinja, makande ali ofewa kudambo, anyamata oweta ankakhala pansi n'kumaumba nkhunzi za malinunda, nyanga zake za minga ya mthethe. Lero ana athu awonjezapo magalimoto a mawaya. Koma kale ndi lero lomwe, pa gulu lililonse pamapezeka mwana mmodzi amene ng'ombe yake imaoneka ngati ingadzuke n'kuyamba kudya msipu. Nkhani yathu mwezi uno ndi ya mwana ameneyo.

Makolo ambiri achikhristu sadziwa chochita naye. Ena amamukalipira kuti akutaya nthawi ya sukulu. Ena amachita mantha, poganiza kuti amene wayamba ndi ng'ombe yadothi adzamaliza ndi fano. Tsono mwanayo akaona kuti luso lake silifunika kunyumba ngakhale kutchalitchi, amayang'ana kumene akulifuna. Ndipo kuno kwathu malo amenewo tonse tiwadziwa.

AMISIRI A KUDAMBWE

Tiyenera kunena zoona: zifanizo zazikulu koposa zimene zapangidwa m'midzi ya Achewa zachokera kudambwe. Kasiyamaliro, amene amatalika kuposa munthu, amamangidwa ndi nsungwi, luzi ndi makoko a chimanga olukidwa mwaluso. Chimkoko chimatalika kotero kuti chimanyamulidwa ndi amuna angapo. Pali njovu, pali ngakhale galimoto. Amisiri ake anazindikira kalekale chinsinsi chimene osema a maiko akutali amachitsata lero: chinthu chachikulu chikhale ndi mafupa olimba m'kati, koma thupi lake likhale lopepuka. Mwambo ukatha, zilombozo amaziwotcha.

M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linatchula Gule Wamkulu kukhala chimodzi mwa zolowa zamtengo wapatali za anthu a pa dziko lapansi. Maganizo a Sinodi yathu pa za gule ngodziwika kuyambira masiku a makolo athu m'chikhulupiriro: Mkhristu sangakhale wa Mgonero ndi wa kudambwe nthawi imodzi. Sitikubweza mawu amenewo. Koma tidzifunse moona mtima. Mnyamata wa manja aluso akapita kumeneko amamulandira, amamuphunzitsa kupinda nsungwi, ndipo ntchito yake imaonedwa ndi mudzi wonse pabwalo. Nanga ife tamupatsa chiyani? Kuletsa kokha sikusunga mwana.

FOMU YOYERA IJA

Pali ntchito ina imene ambiri a ife sitinaimvepo, yosema zifanizo zikuluzikulu ndi fomu. Sitikunena fomu yofewa ya m'matiresi, koma yoyera, youma ndi yopepuka ija imene imabwera m'makatoni a wailesi, kanema kapena firiji, imene ana amainyenya n'kumwaza pabwalo. Dzina lake ndi polystyrene. Mtundu wa timibulu tomatikizana umene tiudziwawu anautulukira ndi Fritz Stastny, katswiri wa pa kampani ya BASF ku Germany, m'chaka cha 1949.

Kapangidwe kake nkotere. Timibulu ta pulasitiki tating'ono ngati mchenga amatifukiza ndi nthunzi ya madzi owira, ndipo timafufuma mpaka kukula nthawi 40 kapena kuposa. Kenaka amatithira m'bokosi lalikulu lachitsulo ndi kutifukizanso kuti timatane, ndipo pamatuluka chibuma chachikulu choyera. Pa magawo 100 a chibumacho, pafupifupi 98 ndi mpweya. Nchifukwa chake chibuma cha mita imodzi m'litali, m'mimba ndi msinkhu chimalemera makilogalamu 15 mpaka 30 okha, osafika ngakhale thumba limodzi la chimanga, pamene konkire ya kukula komweko imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400.

Kupepuka kumeneku ndiko kwapangitsa fomu kukondedwa. Miyala ikuluikulu ndi makoma a mizinda yakale amene timaona m'mafilimu, nthawi zambiri ndi fomu yopakidwa utoto. Ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, zifanizo zotalika ngati nyumba zimene zimayenda pa magalimoto pa chikondwerero cha chaka ndi chaka amazisema ndi fomu. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimaitanitsa nyama ndi mapanga a fomu kuti ana a sukulu aone ndi maso zimene amangowerenga. Ngakhale mu Lilongwe muno, okongoletsa maukwati amadula zilembo zikuluzikulu za fomu zoimika m'holo. Pali makampani maiko ena amene ntchito yawo ndi imeneyi basi: wojambula amabwera ndi kachifanizo kokwana m'dzanja, iwo n'kumubwezera chachikulu chosalowa pakhomo.

M'MENE NJOVU IMABADWIRA

Tiyerekeze kuti sukulu ina ikufuna njovu yoima pachipata. Mmisiri sayamba ndi chibuma. Amayamba waumba kanjovu kadothi, monga momwe ankachitira kudambo, kufikira mwini ntchito atakhutira. Akatero amakayeza mbali zonse ndi kuchulukitsa miyesoyo. Ngati kanjovuko nkotalika masentimita 25 ndipo akufuna njovu ya mamita awiri ndi theka, muyeso uliwonse auchulukitsa ndi 10. Apa pali msampha umene wakola ambiri: njovu yokula nthawi 10 m'litali, m'mimba ndi msinkhu imadya fomu yochuluka nthawi 1,000, osati 10. Mwana wothawa masamu adzalephera kutchula mtengo woyenera, ndipo adzagwira ntchito yolipira yekha.

Kenaka wowotcherera amapanga mafupa achitsulo oti agwire miyendo, chitamba ndi makutu, ndiponso oti amangirire njovuyo pansi, chifukwa chinthu chachikulu chopepuka ndi chakudya cha kamvulumvulu. Zibuma amazimata kuzungulira mafupawo. Podula zigawo zikuluzikulu amagwiritsa ntchito waya wopyapyala wotenthedwa ndi magetsi, umene umapyola mu fomu mosavuta. Zotsalazo ndi ntchito ya mpeni, macheka, tupa ndi sandipepa, monga momwe wosema mtondo amayambira ndi nkhwangwa n'kumalizira ndi kasemasema. Makampani akuluakulu ali ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta amene amajambula kachifanizo kaja ndi kusema okha usiku wonse. Komabe makwinya a khungu ndi maso a njovu amamalizidwa ndi dzanja la munthu.

Chomaliza ndi khungu. Fomu payokha imanyenyeka, ndipo dzuwa limaisandutsa yachikasu ndi yofumbutuka. Tsono amaikuta ndi simenti yopyapyala pa kaukonde, kapena ndi nsalu ya ulusi wagalasi yonyikidwa m'mankhwala ouma gwa, kenaka utoto. Wophunzira aliyense amadziwa msanga kuti petulo, thina ndi utoto wina wopopera zimasungunula fomu pomwepo. Ntchito ya milungu itatu ingathe kuphwa m'kanthawi kochepa chifukwa cha chitini chimodzi cholakwika.

Ngakhale zifanizo zamkuwa zambiri za masiku ano zimayambira pa fomu. Amaisema, naimata dothi pamwamba, natengapo chikombole chothiramo mkuwa wosungunuka. Tsono mwana wodziwa ntchito imeneyi waima pakhomo la ntchito zina zambiri.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Fomu yopakidwa bwino imaoneka ngati mwala kapena mkuwa, ndipo pamenepo pali yesero. Mmisiri wachikhristu auze wogula poyera chimene chili m'kati, ndiponso kuti sichidzakhala mibadwomibadwo ngati mwala. Kugulitsa fomu pa mtengo wa mkuwa ndi chimodzimodzi kuika mchenga pansi pa thumba la mtedza.

Pali zoopsa zinanso. Fomu imayaka msanga ndipo utsi wake wakuda ndi woipa m'chifuwa. Podula ndi waya wotentha pamafunika malo opita mphepo, ndipo popala pamafunika chotchinga pamphuno. Koposa zonse, fomu siola. Chilombo cha makoko chimabwerera kudothi, koma timibulu toyera timauluka, nkhuku zimatitola, ndipo mvula imatikokolola kupita kudambo ndi kumtsinje wa Lilongwe. Amene Mulungu anamuika kuti asunge munda sangamwaze zinyalala zosaola m'munda wa mnansi wake. Zodulidwa zonse azisonkhanitse m'matumba, azigwiritsenso ntchito, ndipo asaziwotche.

KODI MAWU A MULUNGU AKUTI CHIYANI?

Tsopano tifike pa funso limene likuvuta mitima ya makolo. Lamulo lachiwiri, pa Eksodo 20, limaletsa fano losema. Koma tikawerenga buku lomwelo mpaka mutu 31 tipeza Bezaleli, amene Mulungu anamutchula dzina namudzaza ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito ya golidi, siliva, mkuwa, miyala ndi mitengo, pamodzi ndi mnzake Oholiabu. M'Kachisi wa Solomo munali akerubi awiri a mtengo wa azitona, aliyense wotalika mikono 10, ndiye kuti mamita oposa anayi (1 Mafumu 6), ndi ng'ombe 12 zamkuwa zosenza thanki lalikulu la madzi (1 Mafumu 7). Zinali zosema zazikulu, ndipo Mulungu sanazikane.

Koma buku la Eksodo lomwelo, pa mutu 32, likutionetsa Aroni akuumba mwana wang'ombe wagolidi, anthu n'kumugwadira. Ndipo njoka yamkuwa imene Mose anapanga molamulidwa ndi Mulungu, Mfumu Hezekiya anaiphwanya pamene anthu anayamba kuifukizira (2 Mafumu 18). Njoka inali yomweyo, mkuwa womwewo. Chimene chinasintha ndi mitima ya anthu. Katekisma wa Heidelberg, wa m'chaka cha 1563, amene ali muzu wa chiphunzitso chathu, akulongosola zimenezi pa mafunso 96 mpaka 98: Mulungu sitingamufanizire ndi chinthu chilichonse, zolengedwa zikhoza kujambulidwa kapena kusemedwa koma osati kuti tizizipembedza kapena kupembedza nazo Mulungu, ndipo m'tchalitchi anthu aphunzitsidwe ndi Mawu olalikidwa, osati ndi zifanizo.

Apa ndi pamene timasiyana ndi anzathu a Chikatolika. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni m'chaka cha 1976, ndipo osema ambiri aphunzira kumeneko ndi kudyetsa mabanja awo, ena posema zokongoletsa m'matchalitchi. Ife m'nyumba yopemphereramo sitiikamo zifanizo. Koma pa kusamala luso la ana a m'mudzi, tivomere kuti anatitsogolera.

Chotero mwana wathu angathe kusema njovu ya pasukulu, mtima waukulu wophunzitsira anamwino, mapu a Malawi oonetsa mapiri ndi zigwa, kapena chinsomba cha sewero la Yona la Sande Sukulu, chikumbumtima chake chili choyera. Koma adziwenso kukana. Chifanizo choima poyera chimalankhula kwa onse odutsa. Cha Dr. H. Kamuzu Banda, chimene chinavundukulidwa ku Lilongwe mu 2009, chimakumbutsa mbiri ya dziko. Cha Mahatma Gandhi chimene ankafuna kuimika ku Blantyre mu 2018 chinautsa mkangano mpaka bwalo la milandu linaimitsa ntchitoyo. Mmisiri wachikhristu asanalandire ndalama afunse: kodi ichi chikaima kuti, chikanena chiyani, ndipo kodi pali amene akachigwadire? Ngati ndi cha kwa sing'anga, cha kudambwe kapena chonyazitsa thupi la munthu, abweze ntchitoyo ngakhale m'nyumba mulibe ufa.

NANGA TICHITENJI?

Kwa inu makolo: mmera mpoyamba. Musaphwanye ng'ombe yadothi ya mwana wanu. Iyang'anitsitseni, muiyamikire, ndipo mumuuze amene anamupatsa manjawo. Mumuuzenso kuti luso lopanda sukulu limathera pa kusemera ena zotchipa m'mbali mwa msewu. Masamu, kujambula ndi Chingerezi ndi zida zake, monga mpeni. Pafupi nafe pomwepa pali Namitete Technical College ndi Lilongwe Technical College, kumene achinyamata amaphunzira ntchito zamanja monga ukalipentala ndi zomangamanga, ndipo ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa za luso lojambula ndi kusema. Wodziwa kuyeza thabwa ndi kuwotcherera chitsulo wayenda kale theka la ulendo.

Kwa inu akulu a mpingo ndi alangizi: pamene tikonza sewero la Khirisimasi kapena tsiku la achinyamata, tiitane anyamata ndi atsikana a manja aluso kuti apange ngamira, khola ndi nyenyezi. Ngati fomu palibe, nsungwi, mapepala ndi phala la chinangwa zilipo. Ntchito yawo ionedwe ndi mpingo wonse, ndipo maina awo atchulidwe.

Kwa inu achinyamata: luso lanu si la mizimu ya kumanda, ndiponso si lanu. Mwabwerekedwa, ndipo Mwini wake adzafunsa chimene munachita nalo. Yambani ndi zazing'ono, malizani chimene mwayamba, nenani zoona pa mtengo, ndipo sesani pamene mwagwirira ntchito.

Madzulo ano, pa mapemphero a pabanja, tiwerenge Eksodo 31:1-11 ndi Yesaya 44:9-20, kenaka tifunse ana athu kusiyana kwa amisiri a m'ndime ziwirizo. Tikatero tipempherere manja a mwana aliyense m'nyumbamo, pomutchula dzina.