Mwana Wokulira M'nyumba Yosungiramo Ana Afunika Phungu ndi Nkhoswe

Wolemba Mtolankhani Wathu

MWANA wa m'mudzi akamakula sayenda yekha. Mtsikana akatha msinkhu amapatsidwa phungu womugwira dzanja ndi kumulangiza. Mnyamata amaphunzira zambiri kwa akulu ake ku mphala, ndipo pakabuka mlandu pamapezeka atsibweni kapena ankhoswe omulankhulira pabwalo. Koma m'dziko lathu lino muli ana zikwi amene ali kukulira kutali ndi zonsezi. Awa ndi ana okhala m'nyumba zosungiramo ana, zimene ambiri timangozicha nyumba za ana amasiye.

Lipoti la Boma limene linatuluka m'caka ca 2017 linasonyeza kuti ana oposa 6,000 anali kukhala m'nyumba zotere zoposa 170 m'Zambia muno. Zina mwa nyumbazi ndi zakale ndithu, monga ya ku Kasisi, kufupi ndi bwalo la ndege la ku Lusaka, imene inayamba m'caka ca 1926 ndipo imayendetsedwa ndi masisitere a Katolika. Zina ndi zam'mbuyo muno, monga midzi ya ana ya SOS imene ili ku Lusaka, Kitwe, Livingstone ndi Chipata.

Dzina loti amasiye limatisokeretsa. Ambiri mwa anawa ali ndi kholo limodzi lamoyo, kapena agogo, azakhali ndi amalume. Cimene cinawafikitsa kumeneko kawirikawiri ndi umphawi, matenda a makolo, kulemala, kapena nkhanza za pakhomo. Kumeneko amalandira cakudya, zobvala, mankhwala ndi maphunziro, ndipo osamalira ambiri amagwira nchito yao ndi mtima wonse. Komabe wosamalira mmodzi amene ali ndi ana khumi kapena kuposerapo sangathe kumva zonse za mumtima mwa mwana aliyense, ndiponso sangathe kumutsata akatuluka pacipata.

TSIKU LOTULUKA

Bvuto lalikulu limaoneka pamene mwana wafika zaka 18 kapena watsiriza Giredi 12, nthawi imene nyumba zambiri zimayembekezera kuti ayambe kudziimira payekha.

Tiyerekeze mnyamata amene anatengedwa ku Chadiza ali ndi zaka zinai, nakulira m'nyumba ina m'tauni. Lamulo likuti munthu akakwanitsa zaka 16 atenge citupa ca NRC, cimene ambiri amacicha reji. Pa citupaco pamalembedwa mudzi, mfumu ndi boma la kwao, ndipo wosakhala ndi kalata ya kubadwa amafunika wacibale womucitira umboni. Mwana wa m'mudzi amayankha mafunso amenewa mosaganiza nkomwe, kuti ine kwathu nkwa Mfumu Kawaza kapena kwa Mfumu Mbang'ombe. Koma mnyamata wathuyu sadziwa dzina la nyakwawa yake, mwina ngakhale mfunda wake. Kalata ya kubadwa alibe, ndipo sicacilendo, pakuti kafukufuku wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 14 okha mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ndiwo anali olembetsedwa kubadwa kwao. Popanda citupa iye sangalembedwe nchito yokhazikika, sangatsegule buku ku banki, sangalembetse nambala ya foni, sangavote.

Palinso zina zooneka zazing'ono koma zolemera. Iye wakula akudzutsidwa ndi belu ndi kudya nsima yophikidwa kale mumphika waukulu. Sadziwa mtengo wa thumba la ufa, sanagulepo makala, sanalankhulepo ndi mwini nyumba za lendi. Akabwerera kumudzi amapezeka kuti khasu limamulemera, sadziwa kukhala pamaliro, ndipo anzake amamuseka kuti ndi mzungu. Mtsikana ali pangozi yoposa, cifukwa njala ndi kusowa pogona zingamukankhire m'manja mwa mwamuna woyamba amene amulonjeza sopo ndi cipinda.

NCHITO YA PHUNGU

Apa ndipo pafunika phungu. Pacinamwali makolo athu sanali kusankha phungu amene sanabvinidwe. Anali kudziwa kuti wolangiza bwino ndi uja amene anadutsa kale njira imeneyo. Momwemonso phungu woyenera wa mwana wa m'nyumba yosungiramo ana ndi mnyamata kapena mtsikana amene anakulira m'nyumba yotero, anatuluka zaka zingapo zapitazo, ndipo tsopano waima pa miyendo yake.

Mwana angamvere aphunzitsi ndi osamalira cifukwa ca ulemu, koma mumtima amati, awa sadziwa zimene ndikumva. Kwa phungu wotere sanganene mau amenewo. Phunguyo adziwa manyazi a kubisa kusukulu kumene ukhala, adziwa kuwawa kwa tsiku la alendo pamene anzako acezeredwa koma iwe palibe wobwera, adziwanso mkwiyo umene umabwera ukamva kuti acibale ako ali moyo koma sakufunsa za iwe.

Nchito yake iyenera kuyamba caka cimodzi kapena ziwiri mwana asanatuluke. Amamuperekeza ku ofesi ya zitupa. Amapita naye kumsika ndi ndalama zowerengeka kuti aone m'mene zimathera. Amamuphunzitsa kusonkha mbaula ndi kuphika ndiwo za munthu mmodzi. Pa chuti, mogwirizana ndi a Social Welfare, angamuperekeze kumudzi kuti akaone acibale, manda a makolo ndi nyakwawa. Amamuuzanso za mwai umene ulipo: kuti kuyambira mu January 2022 maphunziro m'masukulu a Boma ndi aulere mpaka Giredi 12, ndiponso kuti thumba la citukuko la CDF lili ndi gawo lolipirira ana osauka ku sekondale yogonera komweko ndi ku masukulu a nchito zamanja, ndipo pempho limadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Mwana wopanda womuuza amangomva kuti anzake apita kukaphunzira ukalipentala kapena utelala, iye nthawi itamupitirira.

Koma uphungu uli ndi malire ake. Phungu ayenera kukhala wodziwika kwa oyang'anira nyumba ndi kwa a Social Welfare, ndipo ayambe waphunzitsidwa. Mtsikana apatsidwe phungu wamkazi, mnyamata wamwamuna, ndipo azikumana poyera. Phungu asunge cinsinsi ca mnzake, koma akamva za kumenyedwa kapena kugwiriridwa asabise, apite nazo kwa oyenera. Asalonjeze zimene sangakwanitse, pakuti mwana amene anasiyidwapo kale amapwetekeka kawiri ngati phungu abwera miyezi iwiri kenaka nkusowa. Naye phungu afunika wamkulu womumvera, cifukwa nkhani za mnzake zimatha kutukula zilonda zake zakale.

WOLANKHULIRA MWANA

Phungu amalankhula ndi mwana, pamene nkhoswe imalankhulira mwana pamaso pa akuluakulu. Tonse tidziwa kuti nkobvuta kudandaula kwa munthu amene amakupatsa nsima. Ndico cifukwa cake wolankhulira mwana ayenera kukhala munthu wapadera, wosalembedwa nchito ndi nyumba imene mwanayo akhalamo. Nchito yake ndi kumva cimene mwana afuna, kumufotokozera ufulu wake, ndi kukhala pambali pake pamene akuluakulu akambirana za moyo wake.

Nkhani zake ndi zazikulu. Kodi mwana alekanitsidwe ndi mlongo wake potumizidwa ku nyumba ina? Kodi abwezedwe kwa amalume amene iye amawaopa, kapena kwa agogo amene amawakonda ngakhale ndi osauka? Nanga katundu amene makolo ake anasiya ali kuti? Lamulo la za cuma ca masiye la mu 1989 likuti munthu akamwalira osalemba wilo, theka la cuma cake ndi la ana. Koma lamuloli silikhudza minda ya m'manja mwa mafumu, ndipo mwana amene ali kutali, wopanda womulankhulira, angabwere nkupeza ng'ombe zinagawidwa ndipo munda uli ndi mwini wina.

Kumva mau a mwana ndi lamulo. Pangano la United Nations la za ufulu wa ana la mu 1989, limene Zambia inabvomereza mu 1991, likunena m'ndime ya 12 kuti mwana wokhoza kuganiza payekha ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zonse zomukhudza. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la ana lochedwa Children's Code Act, limene linalowa m'malo mwa malamulo akale angapo. Lamuloli limaletsa kulanga mwana pomumenya, ndipo limaika patsogolo kuti mwana akulire m'banja, nyumba yosungiramo ana ikhale pothawira potsiriza. Mwana aliyense amene ali m'mabvuto, kapena wamkulu amene waona mwana akuzunzika, angaimbe nambala ya 116 kwaulere.

ZIMENE ANZAO ANACITA KU SCOTLAND

Ena angafunse ngati mau a ana otere angasinthe kanthu. Yankho tingalione ku Scotland, kwao kwa David Livingstone, kumene ana okulira m'manja mwa boma akhala ndi bungwe lowalankhulira kwa zaka zambiri. Bungweli, lochedwa Who Cares? Scotland, linayamba m'caka ca 1978. Limatumiza olankhulira ana m'nyumba zosungiramo ana, ndipo limasonkhanitsa acinyamatawo kuti adziwane ndi kulimbikitsana.

Acinyamata amenewa anakaonekera okha pamaso pa aphungu a Nyumba ya Malamulo nafotokoza za moyo wao. Lamulo la mu 2014 linalola kuti wacinyamata apitirize kukhala kumene akusungidwa mpaka zaka 21, ndiponso kuti apemphe cithandizo mpaka zaka 26. Mu 2016 Nicola Sturgeon, amene anali mtsogoleri wa boma la Scotland panthawiyo, analamula kuti kasungidwe konse ka ana kaunikidwe. Nchitoyo inatsogozedwa ndi Fiona Duncan, mai amene nayenso anasungidwapo ndi boma ali mwana, ndipo inamva anthu oposa 5,500, oposa theka a iwo anali okulira m'kasungidwe kotere pamodzi ndi mabanja okhudzidwa nako. Lipoti lake linatuluka mu February 2020 ndi dzina loti The Promise, kutanthauza lonjezo.

Scotland ndi dziko lolemera, ndipo sizonse za kumeneko zingatheke kuno. Koma ciyambi cake sicinafune ndalama zambiri. Cinali cakuti acinyamata anakhala pamodzi, nayamba kulankhula ndi mau amodzi, ndipo akuluakulu anabvomera kukhala pansi ndi kumvetsera. Acinyamata athu amene anatuluka m'nyumba zotere ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi angathe kuyamba momwemo, ngakhale atakhala asanu okha okumana pansi pa mtengo kamodzi pa mwezi.

MBALI YA IFE A M'MIDZI

Nkhaniyi ikukhudza makomo athu, cifukwa ana amenewa anacokera m'midzi mwathu ndipo ambiri adzabwerera komweko. Ngati muli ndi mwana wa m'banja lanu m'nyumba yotere, musaganize kuti udindo wanu unatha tsiku limene munamusiya. Pitani mukamuone, ngakhale mutanyamula nsawa za m'kambale cabe. Muuzeni mfunda wake, dzina la mudzi ndi la mfumu yake. Sungani khadi lake la kusikelo ndi zitupa za makolo ake, ndipo nthawi ya kutenga citupa ikafika, khalani mboni yake. Pemphani kuti azibwera pa chuti kuti lilime lake lisaiwale cinenero ndipo manja ake azolowere khasu.

Anyakwawa ndi mafumu asafafanize dzina la mwanayo m'buku la mudzi, ndipo ateteze munda wa makolo ake kufikira atabwera. Mipingo ingathandize popereka malo okumanirana acinyamata ndi popeza mabanja okhulupirika olandira mwana amene alibiretu wacibale. Banja limene likuganiza zopereka mwana cifukwa ca umphawi wokha liyambe lapita ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lao kukafunsa za cithandizo ca ndalama ca Social Cash Transfer, cimene cinayambira ku Kalomo mu 2003 ndipo tsopano cinafalikira m'dziko lonse.

Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana akatuluka pacipata ca nyumba imene yamulera, atanyamula kacikwama kake, apeze mkulu wake womudikira panja ndiponso mudzi umene ukumbukira dzina lake.