Chifukwa chimene mlimi wa kabichi amagulira mbewu chaka ndi chaka

Mlimi wa chimanga cha makolo amapatula mbewu pa zimene wakolola. Koma mlimi wa kabichi, kaya dimba lake lili ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, amabwerera kusitolo nyengo iliyonse kukagula kapaketi kena. Ambiri amaloza chala amalonda, komatu gwero la nkhaniyi lili m'chibadwa cha chomeracho.

Kabichi, amene asayansi amamutcha Brassica oleracea, adachokera ku Ulaya ndipo amatenga nyengo ziwiri kuti abale njere. M'nyengo yoyamba amakulunga masamba kukhala mutu, womwe ndi nkhokwe yake ya chakudya. Kuti achite maluwa, amayenera kukhala pa kuzizira kosapitirira madigiri 10 kwa milungu ingapo yotsatizana. Kuzizira kotere n'kosowa m'madera ambiri a kuno, choncho mutu ukasiyidwa m'munda umangong'ambika kapena kuola. N'chifukwa chake ngakhale mitundu yakale monga Drumhead ndi Copenhagen Market, yomwe njere zake zimabala kabichi wofanana ndi kholo, alimi ambiri amachita kugula.

Pa mbewu za haibulidi, zolembedwa F1 papaketi, pali chovuta china. Duwa la kabichi limakana mungu wa chomera chake chomwe, ngakhalenso wa chomera china chimene chili nacho pachibale chapafupi. Khalidwe limeneli akatswiri a ku Japan adalisandutsa chida m'zaka za m'ma 1950. Ankabzala mizere ya makolo awiri osiyana moyandikana, n'kusiyira njuchi ntchito yonyamula mungu. Popeza kholo lililonse silikanatha kudzibereketsa, pafupifupi njere zonse zinkakhala za makolo awiriwo. Mu 1968, Hiroshi Ogura adafotokoza za mtundu wa radish wa ku Japan womwe maluwa ake satulutsa mungu, ndipo patapita zaka akatswiri a ku France adakwanitsa kulowetsa khalidweli m'banja la kabichi. Lero makampani ambiri amadalira njira imeneyi.

Phindu lake limaoneka m'munda: mitu imakula mofanana, imakhwima nthawi imodzi, ndipo mitundu ina imapirira kutentha ndi matenda. Koma kufanana kumeneku ndi kwa m'badwo umodzi wokha. Njere zochokera ku haibulidi zikabzalidwa, makhalidwe a makolo aja amagawikanso mosiyanasiyana, monga momwe Gregor Mendel adaonera pa nsawawa zake m'zaka za m'ma 1860. Munda umatuluka wa mitu ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, wina wofulumira, wina wochedwa, pena wongotambasula masamba. Kwa wogulitsa amene adalonjeza kudzaza galimoto tsiku limodzi, kumeneko n'kuluza.

Sikuti haibulidi aliyense ayenera mtengo wake. Chofunika kuyang'ana papaketi, makamaka kwa wobzala nthawi ya dzinja, ndi kupirira matenda a black rot, obwera ndi kachilombo ka Xanthomonas campestris. Matendawa amayamba ndi chikasu chooneka ngati chilembo cha V m'mphepete mwa tsamba, kenako misempha ya tsambalo imada. Amayenda ndi njere komanso madontho a mvula, ndipo amatsalira m'zinyalala za mbewu. Palibe mtundu umene umawapeweratu, kotero wobzala kabichi pamalo pomwe pangochoka kabichi wina kapena lepu, yemwe ndi m'bale wake, angathe kutaya munda wonse ngakhale atagula mbewu yodula.