Mwana amatola mawu kudimba ndi pabwalo

ULÓNGUÈ – M'midzi ya m'maboma a Angónia, Tsangano, Milange ndi Mandimba, mwana wa zaka ziwiri amene watsatira amake kudimba kawirikawiri amabwerako ndi mawu atsopano. Kumeneko kuli chule, chiwala, thope ndi nkhwani zoti aone, agwire ndi kuloza, ndiponso kuli munthu wamkulu womuuza dzina la chilichonse chimene walozacho.

A zaumoyo amafotokoza kuti ana ambiri amayamba kutchula mawu oyamba akamakwanitsa chaka chimodzi. Pofika zaka ziwiri amalumikiza mawu awiri, monga "ndipatseni madzi", ndipo pa zaka zitatu amatha kufotokoza mwachidule zimene aona. Kuti zimenezi zitheke, mwana amafunika kumva bwino, kukhala ndi zinthu zoti azikambe, komanso kuyankhidwa akalankhula.

Masewera a kumudzi amapereka zonsezi popanda kulipira. Ana akamaumba ng'ombe zadothi amakangana kuti yaikulu ndi iti, yanyanga zazitali ndi ya yani. Pa masanje wina amakhala mayi, wina bambo, wina mlendo, ndipo aliyense amayenera kulankhula monga mwa udindo wake: kulonjera, kupempha mchere, kudzudzula mwana. Potola masuku kapena matowo amaphunzira kusiyanitsa lakupsa ndi laliwisi. Ngakhale mawu monga "chubwi" amamveka msanga kwa mwana amene waponya yekha mwala m'madzi, ndipo akatola wina amazindikira kuti umodzi ndi "mwala uwu" koma ingapo ndi "miyala iyi".

Ufulu wosewera kutchire sunalipo nthawi zonse m'madera a m'malire. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Atabwerera kwawo, makolo ambiri ankaletsa ana kuchoka panjira poopa mabomba okwirira pansi. M'chaka cha 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika kuti munali mabombawa ayeretsedwa. Komabe chitsulo chachilendo chikapezeka m'tchire, mwana asachigwire, ndipo akuluakulu akanene kwa amfumu kapena kupolisi.

Lero chimene chikukhazika ana pansi ndi foni ya m'manja. Mayi wotanganidwa amapatsa mwana foni kuti atonthole, koma foniyo siyembekeza kuti mwana ayankhe, ndiponso siona chimene iye akuloza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonetsedwe kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi patsiku. Linatinso ana a chaka chimodzi mpaka zinayi azisewera moyendayenda kwa maola osachepera atatu tsiku lililonse.

Nkhaniyi ikukhudzanso sukulu. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi m'chigawo cha Tete, ndipo kuyambira 2003 njira ya zilankhulo ziwiri inayamba kufalikira m'sukulu zina za m'dziko muno. Mwana wofika m'kalasi yoyamba akudziwa mayina a mitengo, mbalame ndi mbewu m'chilankhulo cha kwawo amakhala ndi pomangirira mawu a Chipwitikizi akayamba kuwamva.

Kusewera panja kumafuna diso la wamkulu. Zitsime za m'madimba ndi maenje oumbira njerwa zimamiza ana aang'ono, ndipo madzi odikha amapatsa likodzo. Mlezi amene nayenso ndi mwana sangathe kuteteza khanda pafupi ndi madzi.

Pali ana ena amene amachedwa kulankhula ngakhale akusewera ndi anzawo tsiku lonse. Ngati mwana satembenuka akaitanidwa, akutuluka mafinya m'khutu, wasiya kutchula mawu amene ankawadziwa atadwala malungo aakulu, kapena wafika zaka ziwiri osatchula mawu, makolo apite naye kuchipatala pamodzi ndi khadi lake la kusikelo kuti akamuyeze makutu. Kudikira kuti adzalankhula yekha akakula kumangotayitsa nthawi, pakuti akulu anati mmera mpoyamba.