Asinthe injini kapena agule malata? Nkhani ya buggy ya msuweni wanga

Msuweni wanga wa ku Salima ndi wowotcherera. Amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo za ng'ombe, koma chomwe anthu amamudziwira kwambiri ndi kagalimoto kopanda zitseko komwe adakapanga yekha kuseri kwa shopu yake. Adagula chigoba cha Volkswagen Beetle chomwe nkhuku zinkaikiramo mazira, n'kuchotsa bodi yonse yodyeka ndi dzimbiri, n'kusiya chapansi, giyabokosi ndi injini. Pamwamba adawotchererapo mapaipi achitsulo, n'kuika mipando iwiri ndi malamba. Zidamutengera zaka 3. Galimoto zotere amazitcha buggy, ndipo ngati mumakonda mavidiyo a galimoto pa TikTok kapena YouTube, mwazionapo zikuuluka pa milu ya mchenga.

Yake siuluka ayi. Imapita kumunda wa mpunga ku Lifuwu, imabwerako ndi matumba awiri kapena atatu, ndipo Lamlungu masana imatenga iye ndi mlamu wanga kukapitidwa mphepo ku Senga Bay. Vuto lidayamba m'mwezi wa Okutobala: ikalowa mumchenga wambiri imabanika, ikakwera kamtunda imatentha mpaka kununkha oyilo wopserera.

Kenako mnzake wa ku Biwi ku Lilongwe adamuimbira foni. Kwapezeka injini ya Subaru yochokera m'galimoto yomwe idagundidwa kumbuyo, ikulira bwinobwino, ndipo akachedwa wina atenga. Mtengo wake unkafanana ndi ndalama zomwe banjali lakhala likusunga kuti ligule malata a nyumba yomwe likumanga. Mvula inali pafupi. Pakhomo padavuta.

Funso lakale ngati buggy yomwe

Msuweni wanga si woyamba kuima pamphambano imeneyi. Buggy yotchuka kwambiri idapangidwa mu 1964 ku Newport Beach, m'chigawo cha California ku America, ndi Bruce Meyers, munthu yemwe ankapanga maboti. Adaitcha Meyers Manx. Adatenga injini ndi zamiyendo za Beetle n'kuziveka bodi yopepuka, ndipo mu 1967 galimoto ya mtundu umenewu idapambana mpikisano woyamba wa m'chipululu cha Baja ku Mexico, womwe lero umatchedwa Baja 1000.

Chinsinsi chake sichinali mphamvu. Beetle ili ndi injini kumbuyo, choncho kulemera kumatsamira pa matayala omwe amakankha galimoto. Mukachotsa bodi yolemera, kutsogolo kumapepuka ndipo galimoto imayandama pamchenga mmalo mokumba. Kuwonjezera apo, ma Beetle adapangidwa oposa 21 miliyoni padziko lonse, ndipo ku South Africa ankawapanga ku Uitenhage kuyambira 1951 mpaka 1979. Zigoba zidali mbwee, masipeya osasowa.

Koma yomaliza idatuluka m'fakitale ya ku Puebla ku Mexico mu 2003. Injini zomwe zatsala zakalamba, ndipo aliyense amene ali ndi buggy yotere, kaya ku California, ku Durban kapena ku Salima, tsiku lina amadzifunsa: ndiikonze yomweyi kapena ndiike ya masiku ano?

Chomwe chimakopa n'chiyani?

Injini ya Beetle ya 1600 imapereka mahosipawa pafupifupi 50. Siigwiritsa ntchito madzi, imazizira ndi mphepo ya fani yake. Imalowa oyilo malita 2.5 okha, ilibe fyuluta ya oyilo yeniyeni koma kasefa ka waya, n'chifukwa chake imafuna kusintha oyilo ndi kuyeza ma valve pa makilomita 5,000 aliwonse. Ndi injini yofuna kuisamala ngati khanda, koma makaniko aliyense wodekha akhoza kuimasula ndi masipanala wamba.

Ya Subaru ya 2.0, ngakhale yopanda turbo, imapereka mahosipawa oposa 110. Ndiye kuti kuwirikiza kawiri n'kupitirira. Masilinda ake 4 adagona chopingasa, awiri uku awiri uku, ngati momwe ilili ya Beetle, n'chifukwa chake eni buggy ambiri kunja amaikonda: imakwana pamalopo popanda kutalika kwambiri. Imalira kamodzi m'mawa, siifuna kuyeza ma valve pafupipafupi. Kunena zoona, ndani sangakopeke?

Yadwala kapena yachepa?

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Galimoto ikafooka timathamangira kunena kuti injini yachepa, pomwe mwina yangodwala, kapena taisenzetsa katundu yemwe si wake. Musanatulutse ndalama, pali zinthu zofunika kuziona, ndipo zonse pamodzi sizidya tsiku lathunthu.

Choyamba ndi kompuresheni. Makaniko amamanga geji pabowo la pulagi n'kuyeza silinda iliyonse. Pa injini ya Beetle yathanzi, iliyonse imayenera kupitirira 100 psi ndipo zisasiyane kwambiri. Imodzi ikatsika, kawirikawiri vuto ndi valve, ndipo si chifukwa chotayira injini yonse.

Chachiwiri ndi malata ozungulira injini. Anthu opanga buggy amakonda kuwachotsa kuti injini izioneka yokongola. Koma malata amenewo ndiwo amalondolera mphepo ya fani kuti idutse pa masilinda. Mukawachotsa, mphepo imangobalalika, injini n'kumapsa. Ku Salima mu Okutobala, komwe kutentha kumadutsa madigiri 30 tsiku ndi tsiku, ndiye osanena.

Chachitatu ndi matayala. Tayala lomwe Beetle idabadwa nalo limatalika masentimita pafupifupi 65. Msuweni wanga adaika kumbuyo matayala a pikapu a mainchesi 31, omwe ndi masentimita pafupifupi 79. Amaoneka bwino pachithunzi, eya, koma tayala lalikulu lili ngati kuyamba kupalasa njinga pa giya yolemera. Mphamvu yokankha pansi imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Injini ilibe mlandu pamenepo.

Chachinayi ndi fumbi ndi mpweya. Fyuluta ya mphepo ikadzadza fumbi, kapena kabuleta ikada, injini imabanika. Ndipo pamchenga, tayala lopopa kwambiri limakumba. Kuchepetsa mpweya kufika cha pa 1 bar kumatambasula tayala ndipo galimoto imayenda mopepuka, bola mukumbukire kupopanso mukabwerera pa tala.

Walira mvula walira matope

Tiyerekeze kuti mwaona zonsezi ndipo mukufunabe Subaru. Dziwani ichi: injiniyo ndi chiyambi chabe cha bilu.

Siimangika pa giyabokosi ya Beetle mwachindunji. Pamafunika chitsulo cholumikizira chosemedwa mwaluso, fulayiwilo yogwirizana nacho ndi kilachi yolimba. Izi si zowotcherera ndi maso. Zikapotoka pang'ono pokha, shafti ya giyabokosi imadyeka. Nthawi zambiri zimachokera kunja, ndiye onjezani za mayendedwe ndi msonkho.

Kenako madzi. Buggy ya Beetle ilibe rediyeta, ilibenso malo ake. Mukaiika kutsogolo, mapaipi a madzi ayenda galimoto yonse. Mukaiika kumbuyo pamwamba, siipeza mphepo yokwanira. Mumchenga mumayenda pang'onopang'ono injini ikulimbana, ndiye pafunika fani ya magetsi yamphamvu. Ndipo kamtengo kamodzi kakaboola paipi muli kudambo, ulendo wathera pomwepo. Injini yozizira ndi mphepo ilibe nkhawa imeneyo.

Palinso kompyuta ndi mawaya. Injini za masiku ano sizilira popanda kompyuta yake, masensa ake ndi mtolo wa mawaya womwe munthu wa magetsi ayenera kuupatula umodziumodzi. Zina zimakana kulira ngati kiyi si wake. Wokugulitsani injini yokhayokha, wopanda zimenezi, wakugulitsani theka la katundu.

Mafuta nawo amasintha. Kabuleta imafuna petulo wobwera mofatsa, cha pa 0.2 bar. Injini ya ma injector imafuna cha pa 3 bar, ndiye pampu ina, mapaipi ena olimba. Paipi yakale ikaphulika pafupi ndi ekizozi, ndi moto. Sampu ya oyilo ya Subaru nayo imalendewera pansi, ndipo pamsewu wa miyala iyenera kufupikitsidwa kapena kutchingidwa.

Zoopsa kwambiri zili kumiyendo. Giyabokosi ya Beetle idapangidwira mahosipawa 50 kapena kucheperapo. Mukaipatsa owirikiza kawiri, pa matayala aakulu, mumchenga, mano a magiya sachedwa kuthothoka. N'chifukwa chake odziwa amasaka giyabokosi ya Kombi, yomwe ndi yolimbirapo. Mabuleki a dramu omwe ankaimitsa galimoto yofatsa sangaimitse msanga galimoto yothamanga. Ndipo injini yolemererapo, yolendewera kuseri kwa matayala akumbuyo, imapepukitsa kutsogolo kopepuka kale: pakona chiwongolero chimamveka ngati chilibe mwini. Galimotoyi ilibe zitseko, ndipo pampando winawo pamakhala mayi wa ana.

Nanga ya Toyota?

Funso limeneli ndi lanzeru kwathu kuno. Injini ngati 1NZ ya 1.5, yomwe ili mu Probox, Sienta ndi ma Corolla ambiri ochokera ku Japan, masipeya ake amapezeka pafupifupi m'tauni iliyonse, ndipo amakaniko athu amaidziwa ngati chikhatho chawo. Pamenepa imaposa Subaru komanso Beetle yomwe, chifukwa masipeya a Beetle ambiri muyenera kuitanitsa ku South Africa n'kudikira.

Koma ndi injini yoimirira, yaitali, choncho kulemera kumakwera m'mwamba ndipo galimoto imapendama msanga pamalo otsetsereka. Chitsulo cholumikizira, rediyeta, kompyuta, pampu, giyabokosi, mabuleki, zonse zija zikufunikabe. Bilu siichepa kwenikweni, chimaphweka ndi kukonza kwa mtsogolo.

Osaiwala mapepala

Nambala ya injini imalembedwa m'kaundula wa galimoto. Ngati buggy yanu imaponda msewu wa boma, kusintha injini kuyenera kudziwika ku Road Traffic, ndipo a inshuwalansi nawo auzidwe, apo ayi tsiku la ngozi adzakana kulipira. Kafunseni zofunika musanagule, osati mutamanga kale. Ndipo wogulitsa akupatseni lisiti yokhala ndi nambala ya injiniyo ndi galimoto yomwe yachokera. Injini yopanda mbiri ikhoza kukugonetsani kupolisi pa mlandu wa munthu wina.

Ndi liti pamene kusintha kuli koyenera?

Nthawi yake ilipo. Ngati bulokoyo yang'ambika, kapena kirankishafti ikugwedera mkati moti kukonza kukufuna masipeya onse atsopano, kusintha kukhoza kukhala kwanzeru. Chimodzimodzi ngati ntchito ya galimotoyo yakula, mwachitsanzo mukufuna kuyenda maulendo aatali pa tala sabata iliyonse. Koma pakhale zinthu zitatu: ndalama za ntchito yonse osati za injini yokha, munthu wa magetsi yemwe adachitapo zotere, ndi njira ina yoyendera pa miyezi yomwe buggy ikhale pa zidina. Ntchito zambiri zotere zimaima ndalama zikathera pakati, galimoto yomwe inkayenda n'kubwerera kukhala chikwere cha nkhuku.

Zomwe zidachitika ku Salima

Mlamu wanga sadakane injiniyo. Adangopempha kuti mwamuna wake alembe papepala chilichonse chomwe chifunike kuti Subaru iyende, chimodzichimodzi, ndi mtengo wake pambali. Msuweni wanga adakhala pansi usiku umodzi ndi foni, kufunsa uku ndi uku. Pepala litadzadza, injini inali mzere umodzi mwa mizere 11, ndipo mizere inayo pamodzi inkaiposa.

Loweruka lotsatira adaitana makaniko wachikulire yemwe adagwirapo ma Beetle kale. Masilinda atatu adali bwino. Imodzi inali yotsika chifukwa valve idathina n'kupsa. Malata awiri a pansi pa masilinda kunalibe, adawataya yekha pomanga chifukwa ankaoneka ngati zinyalala. Mkuluyo akuti adangomuyang'ana n'kupukusa mutu.

Adakonza hedi imodzi, adasula malata ena potengera chithunzi, adatsuka kabuleta, n'kusinthanitsa matayala aja ndi ena ocheperapo. Zonse zidadya ndalama zosafika gawo limodzi mwa magawo 4 a mtengo wa Subaru ija. Zotsalazo zidagula malata, ngakhale chipinda chimodzi chidadikira kaye mwezi wina.

Buggy siidasanduke ya mpikisano. Pamtunda wautali imafunabe giya yachiwiri, ndipo ma valve akufunabe kuyeza pa makilomita 5,000 aliwonse. Koma siikutenthanso, ndipo mchenga wa ku Senga Bay ikuudutsa osabanika. Injini ya ku Biwi idapita ndi wina sabata yomweyo, ndipo msuweni wanga akaikumbukira amausabe moyo.

Pepala lija sadalitaye. Lakhomedwa pakhoma m'shopu, pafupi ndi kalendala, koma mizere adaisanja mwatsopano. Pamwamba pali mabuleki, kenako giyabokosi ya Kombi. Injini ili pansi penipeni.